Moto Wotsalira m'Mabotolo

Empumalanga, Hwange
4 Malichi 2007

Mng'ono wanga Brilliant,

Ndikhulupirira uli bwino ku Blantyre kumeneko pamodzi ndi mabwana ako a ku fakitale. Ife kuno tilipo, tikupuma fumbi la malasha monga mwa masiku onse. Mlamu wako Tecla akupereka moni, ngakhale ndikudziwa kuti akanakonda kukulembera yekha. Mwana wathu Nokuthula wayamba Fomu 2. Ukamufunsa m'Chichewa amayankha "yebo" wa chiyankhulo cha kuno basi.

Jenereta unatumiza ija inafika ndi a Rahim, oyendetsa lole ya malasha aja. Zikomo. Komboni yonse inabwera kudzaona, amayi a ku tchalitchi mpaka nthungululu, ati mwana wa malemu Chikuse wakumbukira kwawo. Ine amene ndinatola mamota awiri a chigayochi pa zotayidwa n'kuwadzutsa ndi manja angawa, ndinangoima pambali ngati wodzagayitsa.

Koma manje tamva. Chinthu chakocho sichikugwira ntchito. Pachitsulo chake palembedwa 25. Mota ya chigayo ndi makilowati 11, ya chokonola ndi 7. Sindinafike Fomu 4 ngati iwe, koma 11 kuphatikiza 7 ndi 18, ndipo 18 ndi wochepa kwa 25. Nanga bwanji ndikayatsa zonse ziwiri jenereta imabuula, kutentha, kenako buleka, swichi yodzizimitsa yokha ija, n'kugwa? Ndikamayatsa imodziimodzi dizilo amathera pachabe, anthu amatopa pamzere n'kunyamula zidebe zawo ulendo ku chigayo cha ku Lwendulu. Magetsi akumathima m'mawa mpaka madzulo, utsi wa pa siteshoni yopanga magetsi tikuuona ndi maso. Ukudziwa kuti chichokereni ine ku mgodi, chigayochi ndiye munda wathu.

Kapena anakugulitsa chakufa, kapena unatola chotayidwa n'kuchipaka penti kuti tikuombere m'manja. Undiuze zoona. Zaka 22 ndinanyamula bokosi la zitsulo la amagetsi ku wekishopu, mota yodwala ndimaidziwa pongoikhudza ndi kuseri kwa dzanja. Koma Tecla akuti, "Mufunseni Brilliant, iye ndi injiniya." Dzina lako m'nyumba muno limatchulidwa kuposa la mwini nyumba.

Ndine mkulu wako,
Kingston

Chilomoni, Blantyre
25 Malichi 2007

Achimwene,

Ndakondwa kumva kuti nonse muli moyo. Ine ndili bwino. Jeneretayo si yakufa ayi, ndinaiyesa ndekha isananyamuke.

Yang'anitsitsani pachitsulopo, muona kuti palembedwa 25 kVA, osati makilowati. Ma kVA ndi moto wonse umene jenereta imakankha m'mawaya. Makilowati ndi gawo lokhalo limene limasanduka ntchito, limene limagaya chimanga. Mota iliyonse imafunanso moto wina wongodzutsira maginito m'kati mwake. Umenewo umangopita n'kubwerera, sugaya njere n'imodzi yomwe, koma umadzaza waya n'kutenthetsa jenereta. Mukagawa makilowati ndi ma kVA mumapeza nambala imene timaitcha pawa fakita. Ikakhala pafupi ndi 1 ndiye kuti zili bwino. Mamota okalamba, okulungidwanso mawaya ngati anuwo, nambala yawo imatsika kwambiri.

Mukukumbukira zimene bambo ankatiuza za ngolovani, ngolo ya malasha ija ankaikankha panjanji pansi pa mgodi? Ankati woima kumbuyo kwenikweni mphamvu yake yonse imapita kutsogolo. Woima cham'mbali amatuluka thukuta lomwelo, koma mphamvu ina imangothera kukanikiza njanji. Mamota anu akukankha cham'mbali.

Chitani izi. Tengani tongotesita yanu ija, yopana waya n'kuwerenga ma ampu. Zonse ziwiri zikuyenda, panani waya mmodzi wochokera ku jenereta. Nambala imene mupezeyo muichulukitse ndi mavoti 400, kenako ndi 1.73 popeza mawaya amoto ndi atatu, mugawe ndi 1000. Amenewo ndi ma kVA amene mamotawo akupempha. Mundiuze, mankhwala ake alipo.

Alamu anga a Tecla muwapatse moni. Akapeza mpata awerengere nawo, paja masamu m'kalasi mwathu ankatiposa tonse.

Mng'ono wanu,
Brilliant

Empumalanga
16 Epulo 2007

Alamu,

Moni wa kuno. Musadabwe kuona dzanja langa, ndaona kuti tikadikira achimwene anu chigayo chifa.

Kalata yanu anaiwerenga kawiri, n'kunena kuti mwatukwana mamota awo. Atafika pamzere womaliza uja anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaipinda kanayi n'kuchirikizira mwendo wa benchi ya m'chigayo. Ine ndinaisolola posesa.

Lachiwiri atapita kukasaka dizilo ndinayatsa zonse ziwiri, ndinathira chimanga cha mayi wina, n'kupana waya ndi tongotesita buleka isanagwe. Inawerenga 43. Ndinatenga kope la Nokuthula n'kukhala pathumba la madeya. Chichokereni Fomu 4 sindinawerengepo china choposa zidebe. Ndapeza 29.7, tingoti 30. Ndiye kuti mamota akupempha 30 kwa jenereta ya 25, n'chifukwa chake ikubuula. Ndagawanso 18 ndi 30, ndapeza 0.6. Kanti pa khumi lililonse limene jenereta ikukhetsera thukuta, zisanu ndi chimodzi zokha n'zimene zikugaya? Ndalondola kapena ndasokera?

Ndinabwereza katatu, osati chifukwa chokayika, koma zimandikomera. Mpaka ndiwo zinapserera.

Mundiuze mankhwala munanena aja. Koma yankho musatumize kunyumba kuno. Muwapatse a Rahim akasiye kwa mkulu wanga Letty ku Ingagula, ndikatenga kumeneko. Achimwene anu si munthu woipa, inunso mukudziwa. Anasiya sukulu n'kulowa mgodi chifuwa cha bambo anu chitakula, ndipo akamva mawu oti injiniya amakhala ngati mwawaponda pachilonda. Ndikufuna adzangoona chigayo chikuyenda, mtima ukhale pansi.

Mlamu wanu,
Tecla

Empumalanga
30 Juni 2007

Brilliant,

Moni ndikupatsa chifukwa tinabadwa mimba imodzi.

Ndinapita ku Kamativi ku maliro a mnzanga wa ku wekishopu, ndinakhalako masiku asanu. Pobwerera ndikutsika kombi ndinamva chigayo ndi chokonola zikulira pamodzi, mzere wa zidebe mpaka kumsewu. Ndalowa, ndapeza bokosi pakhoma pamwamba, m'kati mwake mabotolo atatu otuwa okhala ndi swichi yawoyawo. Ati ndi makapasita, unatumiza ndiwe, anamanga ndi Américo, wamagetsi wa ku siteshoni ya magetsi ija. M'chigayo changa, ine kulibe! Mkazi wanga ali ndi tongotesita yanga m'manja, akundionetsa 29, akumwetulira mmene sanandimwetulirepo chaka chino. Akuti mabotolowo ndiwo akupatsa mamota moto wa maginito, jenereta yapuma, pawa fakita yafika 0.9, ma kVA atsika kufika 20. Akuyankhula ngati iwe, mawu ako enieni m'kamwa mwake.

Zikugwira ntchito, sindikana. N'chimene chikundipweteka. Anthu ayamba kale kunena kuti chigayo cha injiniya.

Kenako ndinapeza kalata yako m'buku lake la nyimbo. Yodzera ku Ingagula, mwakabisira. "Mwapeza ndendende, alamu. Mutu wanu sunachite dzimbiri." M'munsi mwake wajambula chithunzi cha ngodya zitatu, timivi uku ndi uku, mbali iliyonse ndi dzina lake. Ine zaka 16 ndili naye sindinamulemberepo ngakhale kapepala, iwe masamba atatu. Anaisunga pakati pa nyimbo za Mulungu, yofewa chifukwa choitsegulatsegula.

Usandiyese chitsiru. Ndinkakuonani ku Lwendulu mukuchokera kusukulu, buku limodzi mitu iwiri, ine ndikuchokera ku shifiti nkhope ili bii. Ndipo tsiku unakwera sitima kupita kukaphunzira ku Malawi ndinamuona pasiteshoni atabisala kuseri kwa mpanda, akulira. Sindinamufunsepo. Ndinamukwatira ndikudziwa kuti ndatola chimene sitima inasiya. Ndili ndi nsanje, inde, ndikunena poyera, ndipo yandidya zaka zonsezi.

Ndamutumiza kwa Letty ku Ingagula, akakhale pafupi ndi positi ofesi yake mpaka ankhoswe atakhala pansi. Mabotolo akowo ndiwachotsa ndekha, abwerera ndi a Rahim. Kuli bwino ndizigaya chidebe chimodzi patsiku ndi mamota anga okankha cham'mbali.

Kingston

Ingagula
2 Julayi 2007

Alamu,

Ndikulemba mothamanga, lole inyamuka masana ano. Za ine musadandaule nazo, ndili kwa Letty. Ndinalakwa ndine pobisa makalata.

Chondiopsa ndi ichi. Akuti achotsa mabotolo aja okha. A Américo pomanga anandiuza kuti ndi akale, alibe kachitsulo kamene kamakhetsa moto wotsalira, ndiye ukazimitsa swichi yawo moto umakhalabe m'kati. Anandipangira chingwe cha mababu awiri chokhetsera, chili kuseri kwa chitseko. Ndinayesa kuwauza achimwene anu ndili pageti ndi chikwama, iwo anati chilichonse chokhudza mabotolo a Brilliant ndikachinene pamaso pa ankhoswe. Ndatuma Nokuthula, amubweza asanamalize. A Américo apita kwawo ku Tete mwezi wathunthu.

Iwo amakhulupirira loko wawo wa ku mgodi kuposa china chilichonse. Alembereni inuyo, mwina magazi amvana.

Tecla

Chilomoni, Blantyre
15 Julayi 2007

Achimwene,

MUSAGWIRE MABOTOLO AJA NGAKHALE MUTAZIMITSA ZONSE. Amasunga moto. Loko wanu amatseka moto wochokera kunja, koma sangatseke umene uli kale m'kati. Tengani chingwe cha mababu awiri chili kuseri kwa chitseko, gunditsani nsonga zake pamitu ya mabotolowo iwiriiwiri. Mababu akaphethira n'kuzima, bwerezaninso, kenako gwirani. Mukatero achotseni, muwataye m'dzala ngati mukufuna, sindidandaula.

Tsopano zinazo. Ndinalakwa kuyankha kalata kudzera ku Ingagula, ndikupepesa. Koma pakati pa ine ndi alamu palibe china koma masamu, Mulungu ndi mboni. Chithunzi cha ngodya zitatucho n'chimene chili m'buku lililonse la magetsi: mbali yogona ndi makilowati, yoima ndi moto wa maginito, yopendekeka ndi ma kVA.

Mukuti mumandichitira nsanje. Bambo anatsirizika dzanja lawo lili m'dzanja lanu, ine ndili m'chipinda cha mayeso. Kuno amanditcha Mzimbabwe, kumeneko mumanditcha Mmalawi. Ndikaweruka ndimatsegula chitseko cha nyumba yopanda munthu. Musathamangitse mkazi chifukwa cha ine, achimwene, palibe chimene ndakuposani.

Mng'ono wanu,
Brilliant

Empumalanga
26 Julayi 2007

Brilliant,

Kalata yako yafika. Sindinaitsegule, ndipo sinditsegula. Ngati ndi masamu ena, adiresi ya ku Ingagula ukuidziwa. A Rahim anafuna kuwonjezera zapakamwa, ndawauza kuti asunge malovu. Loweruka lino mabotolo akutsika.

Kingston

Empumalanga
20 Ogasiti 2007

Mng'ono wanga,

Moni. Dzanja ukuliwerengali ndi la mlamu wako, mawu ndi anga. Ndamuuza kuti alembe zonse mmene ndikunenera, asakometse.

Loweruka lija m'mawa ndinachita monga ndinachitira zaka 22. Ndinazimitsa jenereta. Ndinagwetsa swichi ya mabotolo, ndinakoloweka loko wanga, nambala 417, kiyi m'thumba. Ku wekishopu lamulo linali limenelo: loko wako akakhala paswichi, kiyi ali m'thumba mwako, chinthucho chafa, ngakhale bwana wamkulu sangachidzutse. Loko ameneyu sanandinamizepo. Chingwe cha mababu ndinachiona kuseri kwa chitseko, ndinati ndi zoseweretsa za Américo. Ndinakwera padiramu ndi sipanala.

Chimene ndikukumbukira ndi kuthetheka, ndi dzanja kukankhidwa ngati wandimenya ndi nyundo. Kupsa kunali kochepa, zala ziwiri zokha. Koma diramu linagubuduka, ndinagwera pachitsulo cha chokonola, mkono wamanja unathyoka pawiri. Anandipeza ndi mayi Esinati atabwera ndi mapira awo. Akuti Tecla atamva sanadikire kombi, anafika kuchipatala nsapato zili m'manja.

Kalata yako inali m'thumba la ovolosi, pamodzi ndi kiyi. Masiku onsewo ndinkayenda nayo. Tecla anaipeza pochapa, anabwera nayo n'kundifunsa ngati atsegule. Ndinati tsegula. Atawerenga mzere woyamba, madala wina wa pabedi loyandikana anaseka mpaka kutsokomola, nanenso ndinaseka, kenako sindinathenso kuseka. Zomalizira zija, za bambo ndi za chitseko, ndinamuuza kuti abwereze. Sindinkadziwa, mng'ono wanga. Ndinkaganiza kuti kumeneko umangodya zonona.

Ankhoswe sitinawaitane. Ndinamufunsa ndekha funso limene ndinayenera kufunsa zaka 17 zapitazo, la pasiteshoni lija. Yankho lake alemba yekha m'munsimu, ine ndalimva kale. Silinandikomere lonse, koma ndagona nalo bwino.

Nsanje sinathe, ndisakunamize. Ndikamva mamota awiri akulira pamodzi imadzukabe. Koma mabotolo akhala pomwe alipo. Khirisimasi ino ubwere, udzaone manda a bambo, tinawamangira.

Ndine mkulu wako,
Kingston

Alamu, tsopano ndine Tecla.

Anandifunsa kuti, "Kodi unkalirira Brilliant?" Ndinawayankha zoona, ndipo inunso muzimve. Sindinakufuneni inu ngakhale tsiku limodzi. Ndinkafuna mpando wanu wa m'sitima. Mayeso omaliza a masamu ndinapeza 84, inu 61, koma bambo anga anati mtsikana Fomu 4 yakwana, sitima inatenga inu. N'chimene ndinkalirira kuseri kwa mpanda. M'nyumba muno a nsanje tinali awiri, tonse pa munthu mmodzi, osauzana. Ndiye zija za mutu wosachita dzimbiri musadzandilemberenso. Ndinazisunga, inde, koma zimawawa.

Dzulo achimwene anu andipatsa loko uja ndi kiyi wake, akuti wogwira mawaya ndiye amasunga. Lero m'mawa ndayatsa zonse ziwiri, tongotesita yawerenga 29. Iwo anali pabenchi, mkono uli m'pulasitala, akuyang'ana kope langa cham'mbali ngati sakuliona. Kenako anandifunsa kuti 1.73 ameneyu amachokera kuti. Ndinawauza kuti sindikudziwa.

Musatiuze. Tumizani buku, tipeza tokha. Pa envelopu mulembe mayina awiri.